Zala Ziwiri ndi Nkhondo ya Mpando Wamatayala

Tcherani khutu, inu a m'badwo uno amene mumadandaula kuti tsiku lafupika, mumve za nyengo ija pamene maola anayamba kukhala ndi mitundu. Nyengo imene makompyuta, amene kale ankangokhala phee kudikira kulamulidwa, anaphunzira kuneneza eni ake. Nyengo imene munthu ankati akadzuka kuti akamwe madzi, makina n'kulemba kuti wathawa ntchito. M'masiku oopsa amenewo, kuseri kwa shopu yogulitsa malata, simenti, laimu ndi misomali, m'kachipinda ka zenera limodzi kamene kankanunkha fumbi ndi penti, munabuka nkhondo imene madalaivala a malole amaisimbabe mpaka lero, atavula zipewa.

Ufumu umenewu unali m'manja mwa Mayi, mkazi wamasiye woyenda ndi makiyi m'chiuno, amene mawu awo ankatha kuimitsa lole yobwerera chambuyo. M'kachipinda kaja Mayi anaikamo ankhondo awiri, aliyense ndi kompyuta yake, kuti azilemba mapepala otulutsira katundu, pakuti popanda pepala lotero mlonda wa pageti sankalola ngakhale msomali umodzi kuona msewu.

Woyamba anali mkamwini wawo, mwamuna wa mwana wawo wamkulu: Zala Ziwiri, Msaki wa Zilembo, Njovu ya Kukhoma, Iye Amene Amayang'ana Asanamenye. Polemba ankagwiritsa ntchito zala zolozera zokha, zina zonse zitapinda ngati zili pa tchuthi, ndipo chilembo chilichonse ankachifunafuna pa kiyibodi monga munthu wofuna m'bale wake pa depoti ya basi. Akachipeza ankachigunda mwaulemu, n'kukweza maso ku sikirini kuti aone ngati chafika bwino. Anali munthu wofatsa, wa malaya osita, wosachedwa kufika kuntchito. Koma makutu anali nawo, ndipo ankamva zimene onyamula simenti ankanong'onezana, zoti ntchitoyo inabwera pamodzi ndi mkazi. Ankazimva, n'kumeza, n'kupitiriza kusaka zilembo.

Wachiwiri anali mlamu wake, mwana wamkazi wotsiriza wa Mayi: Mphezi, Matalala a pa Malata, Iye Amene Amalemba Akuyang'ana Panja. Mulu wake wa mapepala ankaumaliza tiyi asanazizire m'kapu, kenaka n'kumaonera mavidiyo a anthu ophika makeke, kapena kutuluka kukaseka ndi madalaivala.

Awiriwa ankakhala mwamtendere, ankanyozana monga alamu amachitira, mpaka tsiku limene Mayi analowa ndi munthu wa tayi. Munthuyo anaika mu makompyuta onse awiri pulogalamu yowerengera nthawi. Anafotokoza kuti munthu akakhala m'malo olembera mapepala a katundu, nthawiyo idzapakidwa mtundu wobiriwira. Akapita ku mavidiyo ndi macheza, wofiira. Akasiya kiyibodi osaikhudza, wotuwa. Pa ngodya ya sikirini panaoneka kamzera koonetsa mitunduyo, ndipo mitundu yomweyo inkafikanso pa foni ya Mayi.

Pamenepo Mayi anakweza dzanja, makiyi n'kulira, nati: "Ndatopa ndi kulingalira kuti ndani akugwira ntchito muno. Amene abiriwire kuposa mnzake pakutha pa sabata iliyonse, atenge mpando uwo."

Onse anatembenuka. Pakona panali mpando wamatayala, wachikopa chakuda, wa manja ndi choyedzamira chachitali, wozungulira mbali zonse, umene mwini shopu, mwamuna wa Mayi, ankakhalapo asanamwalire, ndipo chichokereni iye palibe anaukhudza kupatula nsalu yopukutira fumbi. Zala Ziwiri anayang'ana mpando wake wapulasitiki wong'aluka mwendo. Mphezi, ali pa kabenchi kake, anangoseka, pakuti ankadziwa kuti m'chipinda chimenecho liwiro linali ndi mwini mmodzi.

Sabata inatha, ndipo chiweruzo chinatuluka. Mzera wa Mphezi unali wotuwa ngati phulusa, wa mawanga ofiira, kubiriwira kuli kachidutswa kokha ka m'mawa. Mzera wa Zala Ziwiri unali wobiriwira kuchokera kuno kukafika uko, ngati dambo la mwezi wa mvula, pakuti munthu amene amafunafuna chilembo chilichonse sachoka pa kiyibodi.

Ngwaziyo inaimirira pang'onopang'ono. Chibadwire chake inali isanapambanepo kanthu, ngakhale mpikisano wothamanga ndi thumba kusukulu. Inamanga batani la pamwamba la malaya, n'kulankhula moyang'ana zenera, ngakhale kuti panja panali ngolo yokha ya mchenga:

"Imvani, makoma inu, ndi iwe pulinta! Zaka zonsezi ndinkayenda pansi, anthu akuuluka pamwamba panga. Lero makina, amene alibe m'bale, alibe mpongozi, sakwatira ndiponso sakwatiwa, anena zoona. Sindikunyoza munthu. Ndikungokhala pansi."

Ndipo anakhala pansi. Mpandowo unapuma mofewa pomulandira, n'kumutembenuza pang'ono kumanzere.

"Alamu," anatero Mphezi, mawu ake atazizira, "mapepala amene ndalemba ine sabata ino, inu mungawamalize mwana wanu atamera ndevu."

"Sitikuwerenga mapepala, mlamu. Tikuwerenga mitundu."

"Chabwino," anatero Mphezi. Olemba mbiri amagwirizana kuti liwu limenelo ndi limene linayambitsa nkhondo.

Mayi, ataona kuti ufumu uli m'manja mwa makina, ananyamuka ulendo wokadwazika mkulu wawo kutali, n'kusiya mawu akuti zonse aziziona pa foni.

M'mawa wa sabata yotsatira Zala Ziwiri anamva chinthu chimene chinamuimitsa tsitsi: chete. Matalala a zala za Mphezi anali atasiya. M'malo mwake, kuchokera ku benchi, kunkamveka go, kenaka kanthawi kokwanira munthu kuyasamula, kenaka go. Anasuzumira cha m'mbali. Mphezi anali atakhala mowongoka ngati woimba limba wa kutchalitchi, akutsitsa chala chimodzi ndi ulemu wa pamaliro, nkhope ili yosalakwa. Mzera wake unali utayamba kuphuka.

Mantha anamugwira Msaki wa Zilembo, pakuti anazindikira kuti adani alowa m'dziko lake lenileni. Kuchedwa kunali cholowa chake. Kunali chinthu chokhacho chimene ankachichita popanda kuphunzitsidwa. Usiku sanafune kuganiza zambiri, koma m'mawa mwake anachita chimene akatswiri a nkhondo amachitcha kubweza gulu lakumanzere: anatenga dzanja lamanzere, n'kuliika m'thumba la buluku, n'kutsala ndi chala chimodzi pabwalo.

Mphezi anayankha ndi chida chatsopano. Ankalemba dzina la kasitomala lonse, n'kuliyang'ana mokayika, n'kulifufuta chilembo chimodzichimodzi, n'kuyambiranso. Zala Ziwiri anayamba kutchula chilembo chilichonse mokweza asanachigunde, n'kuchitchulanso atachigunda, pofuna umboni. Mphezi anasiya kupita kukadya masana, n'kumatafuna buledi dzanja lina lili pa mausi. Zala Ziwiri anasiya kumwa madzi, pozindikira kuti madzi ndiwo amatuma munthu kuseri, ndipo kuseri n'kotuwa. Milomo yake inang'aluka, koma mzera wake sunang'aluke.

Panja, dziko linayamba kuvutika. Malole anandanda kuchokera pageti mpaka kukapinda pa ngodya ya msewu. Madalaivala anayala makatoni pansi pa magalimoto awo n'kumagona. Mmodzi wa iwo, nkhalamba ya lole yabuluu, anasuzumira pazenera n'kufunsa mwaulemu ngati muli maliro. Onyamula simenti anaphunzira masewera atsopano a timiyala. Mlonda wa pageti, posowa galimoto yoitsegulira, anayamba kuthira mafuta m'mahinjesi a geti limene silinkatseguka. Ndipo pa foni ya Mayi, kutali komwe anali, pankafika kubiriwira kokhakokha, mwakuti anatumiza uthenga wakuti: Ana anga, mwandisangalatsa.

Kunyumba, mkazi wa Zala Ziwiri, amene anali mkulu wake wa Mphezi, anayesa ntchito ya kazembe. Anamupeza mwamuna wake akumwa madzi a tsiku lonse ataimirira pa sinki.

"Bambo a mwana, mng'ono wanga sakundiyankha foni. Akuti ndakwatiwa ndi adani."

"Nkhondo ili ndi mtengo wake, mayi."

"Nkhondo yake iti? Ya mpando? Taonani milomo yanuyo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu, sindinakwatiwe ndi mtundu wa penti."

Zala Ziwiri anatsitsa kapu. Anafuna kumuuza kuti onyamula simenti tsopano amamupatsa moni poyamba, ndiponso kuti munthu akakhala pa mpando uja amaona pamwamba pa kabati. Koma mawu ake nawonso ankabwera chilembo chimodzichimodzi, ndipo asanawapeze, mkaziyo anali atapita kukasambitsa mwana.

Tsopano tafika pa tsiku lalikulu, limene kumwamba komwe kunalowerera. Kuyambira m'mawa kunali chifundi, ndipo dzuwa litapendeka mitambo yakuda inayamba kuunjikana kum'mawa. Pakhomo pa kachipinda panaima mmisiri wa madenga, munthu wamfupi wa pensulo kukhutu ndi sipanala m'thumba lakumbuyo. Iye sankadziwa za mitundu, ndiponso sankadziwa kulankhula ngati ngwazi.

"Pepani, mabwana. Malata anga ali kale pa lole yabuluu. Nyumba ndaisasula m'mawa uno, ndinkati pofika masana ndikhala nditakhoma. Muli mayi wa khanda m'menemo, katundu yense ali pa mtetete. Ndingopempha kapepala."

Anaika pa tebulo mndandanda wa zimene anagula: malata a miyeso yosiyanasiyana, misomali ya mitundumitundu, zotsekera pamsonga, mawaya. Malinga ndi dongosolo la m'chipindamo, pepala limeneli linali la Zala Ziwiri.

Njovu ya Kukhoma inayang'ana mndandanda, inayang'ana mitambo. Kenaka, pamaso pa mboni, inachita chimene sichinaoneke kwa masabata: inatulutsa dzanja lamanzere m'thumba. Chala chachiwiri chinabwerera kunkhondo, chotuwa, chonunkha makiyi a kunyumba, ndipo ngwaziyo inathamanga ndi liwiro lake lonse.

Liwiro lake lonse linali lomwe lija. Anasaka chilembo choyamba, anachipeza. Chachiwiri chinabisala. Thukuta linagwera pa kiyibodi. Polemba malata analemba matala, n'kufufuta, n'kufufutanso mzera wa pamwamba umene unali wolondola. Kunja kunagunda bingu loyamba, lakutali, ndipo mphepo inakankha chitseko. Mmisiri sanadandaule; anangochotsa pensulo kukhutu, n'kuibwezeranso, n'kuichotsanso, maso ali kumwamba.

Zala Ziwiri anasuzumira ku benchi. Mphezi anali akuyang'ana khoma, nsagwada zitalimba, akugunda go wake wa pamaliro ndi dzanja lamanja. Koma dzanja lake lamanzere, limene linali pa bondo pansi pa tebulo, linkathamanga lokha, likulemba pa siketi mndandanda wonse wa mmisiri.

Pamenepo ngwaziyo inaona zinthu monga zinalili. Inaona mzera wake wobiriwira, wokongola, wosang'ambika, ndipo inaona kuti munalibe lata ngakhale limodzi m'menemo. Inaimirira. Mpando unabwerera m'mbuyo wokha. Aliyense ankayembekeza mawu aakulu, koma amene anatuluka anali aang'ono.

"Mlamu, bwerani mulembe."

Mphezi sanatembenuke. "Pa kompyuta yanu? Kuti kubiriwira kwanga kupite kwa inu?"

"Lembani pa yanu. Pepala ili. Mpandonso uwu."

Anaukankha mpandowo, ndipo unayenda modzilemekeza kudutsa chipinda chonse mpaka unakagunda benchi. Mphezi anauyang'ana. Sanakhalepo. Anaimirira, n'kukankha benchi ndi mwendo, n'kuwerama pa kiyibodi, ndipo matalala anagwa. Amene analipo amanena kuti zala sizinkaoneka. Amanena kuti bingu lachiwiri litayamba iye anali pa malata, ndipo lisanathe kulira pulinta inali ikulavula pepala. Mmisiri analilanda lili lotentha, n'kuthamanga. Geti linatseguka popanda phokoso, pakuti linali litakhuta mafuta, ndipo lole yabuluu inatuluka ngati yaba.

Mphezi sanaime. Anakoka mulu wake, n'kukokanso mulu wa mlamu wake, ndipo Zala Ziwiri, popanda womutuma, anayamba kunyamula mapepala kuchokera pa pulinta kupita pazenera, akuitana madalaivala mayina awo, pakuti onse ankawadziwa pamodzi ndi matenda a ana awo. Malole anadzuka limodzilimodzi. Pamene madontho oyamba ankagunda denga, pabwalo panali patatsala makatoni okha.

Awiriwo anatsala m'chipinda, mvula ikusokosa, mpando uli pakati pawo wopanda munthu. Zala Ziwiri anamwa madzi a m'botolo la Mphezi osapempha.

"Ndimadziwa kuti ndine wochedwa, mlamu," anatero. "Sindinafune makina kuti andiuze. Kungoti chinthu chija chinali choyamba kunena kuti ndilipo."

Mphezi anapukuta zala pa siketi. "Ine mpikisano ndinalibe nawo ntchito. Koma ndi mpando wa bambo anga, alamu. Chikopa chakecho chimanunkhabe mafuta awo a m'tsitsi. Ndiye ndizilowa m'mawa uliwonse n'kupeza mwakhalapo inu, mukusaka chilembo chimene chili pansi pa chala chanu?"

"Chimabisala."

"Sichibisala. Chili pomwe chinali chaka chatha."

Mayi anabwerera m'mawa mwake, ndipo asanafike n'komwe pakhomo, nkhalamba ya lole yabuluu inali itawafotokozera zonse, ikuwonjezera pena ndi pena. Analowa m'kachipinda, makiyi ali chete, chimene chinali chizindikiro choipa. Ankhondo awiriwo anaimirira.

"Chinthu ichi ndinachiika kuti ndidziwe amene akugwira ntchito muno," anatero Mayi. "Ndadziwa. Palibe. Mpandowo ukatsekeredwe kosungira katundu, pamodzi ndi mapaipi."

Apa panachitika chodabwitsa chimene mbiri ya maufumu siichiona kawirikawiri: magulu awiri odana anagwada mbali imodzi. Zala Ziwiri, maso ali pansi monga mkamwini, anati: "Amayi, mpandowo upite kwa mlamu wanga. Ndi wa bambo ake." Mphezi anati: "Ayi, amayi, anaupambana ndi alamu, ngakhale anaupambana mopusa." Anakangana motero, aliyense akukankhira mnzake, mawu akukwera, mpaka zinaoneka kuti nkhondo yachiwiri, yoopsa kuposa yoyamba, ili pafupi.

Amene anapulumutsa dziko anali mmisiri wa madenga, amene anabwera kudzanena kuti lata lomaliza analikhoma mvula ili kale pamsana pake, ndipo kuti khanda silinanyowe, kupatula mwa njira yake ya masiku onse. Anamvetsera mlanduwo, anauzungulira mpando, anagwada, n'kusuzumira pansi pake.

"Koma mabwana," anatero, "uwu ndi wa mabawuti."

Pangano la mtendere linasainidwa ndi sipanala. Choyedzamira chachikopa pamodzi ndi manja ake zinamasulidwa n'kukhomeredwa pa benchi ya Mphezi, imene inasanduka chinthu chimene palibe kalipentala angachitchule dzina. Chokhalira, mwendo ndi matayala zinapita kwa Zala Ziwiri. Za pulogalamu ija, Mayi analamula kuti ichotsedwe tsiku lomwelo. Koma palibe ankadziwa kuichotsa, ndipo munthu wa tayi sankayankha foni. Choncho mlonda anaitanidwa ndi tepi yakuda yomatira mawaya, ndipo anamata ngodya ya sikirini iliyonse mwaulemu wonse, n'kuchitira sawatcha.

Chikondwerero chinachitikira pabwalo lokwezera katundu. Mayi anatulutsa kireti ya zakumwa zoziziritsa kukhosi zimene zinali zisanaone firiji, ndi paketi ya mabisiketi imene inagawidwa mwachilungamo mpaka nyenyeswa. Mkazi wa Zala Ziwiri anafika ndi mwana kumsana, n'kukumbatira mng'ono wake, n'kumuuza kuti wawonda mopusa. Madalaivala anandandika malole awo mbali ziwiri. Kenaka anthu anagwirizana kuti ngwazi iyenera kuonetsedwa kwa anthu ake, ndipo theka la mpando linabweretsedwa pamwamba pa kamtsetse ka simenti kamene ngolo zimatsikirapo.

Zala Ziwiri anakhalapo, msana uli chilili pakuti panalibe poyedzamira, manja ali pa mawondo pakuti panalibe pogwira. Mphezi anaima kumbuyo kwake n'kuika zikhatho pa mapewa ake.

"Pang'onopang'ono, mlamu," anatero Msaki wa Zilembo.

"Mwayamba liti kundidziwa, alamu?"

Mahutala onse analira pamodzi. Mpando unatsika kamtsetse ukuzungulira, ndipo ngwaziyo inaona malole, geti, apongozi, mkazi wake, malole, geti, apongozi, zonse zikudutsa ndi liwiro limene inali isanalilawepo chibadwire. Inadutsa mlonda ali pa sawatcha, inadutsa mmisiri, inadutsa ngolo ya mchenga, n'kukalowa mu mulu wa matumba a laimu, limodzi mwa iwo n'kuphulika.

Mtambo woyera unakwera, n'kutsika pang'onopang'ono. Mkati mwake munatuluka Zala Ziwiri, woyera kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato, maso okha akuphethira, akukoka theka la mpando wake ndi dzanja limodzi. Anakwera kamtsetse osathamanga, anthu akumupatukira. Atafika pamwamba anauimika mpandowo, anaupukuta ndi mkono umene unaudetsa kuposa kale, anakhalapo, n'kuwongola kolala.

"Mlamu," anatero, "kankhaninso."